Makabureta Atatu ndi Mpweya wa Kwathu

Amakaniko a pa Mayani amandivuta. Ndikangoima pamsika kuti nditsitse matumba a kachewere, amathamangira kudzatsegula boneti ya pikapu yanga ngati ndawaitana. Amasuzumiramo, kenako amagwira pakamwa. "Aaa, madala, makabureta atatu pa injini imodzi! Kodi mumafuna kuuluka? Tikuchotsereni awiri, petulo akukutherani chabe." Ine ndimangowauza kuti manja kumbuyo. Kuona nkwaulere, koma wokhudza sikuluwu ngakhale imodzi pamenepo andidziwa. Amati mdala uyu ngwamwano, ndipo sindikana. Sadziwa kuti amene anamanga makabureta amenewo ndi a Damiano a ku Kasina, ndipo anawamangira kutali, ku Debeni, m'mphepete mwa nyanja yamchere.

Ndinachoka kuno kunsi kwa phiri la Chongoni m'nyengo yachisanu, nkhungu itaphimba mudzi wonse. Mkazi wanga Nabanda anandiperekeza mpaka kumsewu, mwana wathu wamkazi ali kumbuyo, asanayambe ndi kukwawa komwe. Ndinati ndikangopeza ya malata ndibwera. Tonse timatero. Ku Joni sikunandiyanje, ndiye ndinatsetserekera ku Debeni, komwe ndinamva kuti kuli magalaja ambiri. Chimene chinandilandira kumeneko ndi mpweya. Iii, mpweya wolemera, wonyowa, wonunkha mchere, malaya kumangomatirira pamsana. Munthu wa kumapiri ngati ine ndinkamva ngati ndikupuma nditafunda bulangete kumutu.

Tsiku lina ndikufunsafunsa ntchito ndinalowa m'galaja ya mmwenye wina wa ndevu zoyera. Pansi pa galimoto panali miyendo iwiri yotulukira kunja, ndipo mwini miyendoyo ankang'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi m'Chichewa. Ndinagwada pafupi ndi tayala.

"Zikomo, achimwene. Mwaswera bwanji?"

Nyimbo inaduka. Munthu uja anatuluka chagada, wamtali, woonda, girizi mpaka m'makutu. "Kwanu nkuti?"

"Ku Chongoni."

"Ha! Kwa anthu a kudambwe! Ambuye ndakulakwirani chiyani, m'dziko lonse lino mwanditumizira wa gule?"

Ameneyo ndiye anali a Damiano. Anandipezera ntchito yotsuka zitsulo, nandilandira m'kachipinda kawo kuseri kwa galaja. Iwo kwawo ankatsogolera kwaya ya ku Kasina, ine kwathu ndinkaimba ng'oma gule akatuluka. Tinkanyozana tsiku lililonse. Iwo ankati ndidzapsa, ine ndinkati Akatolika amaimba ngati akuopa kudzutsa mwana. Koma chidutswa cha buledi tinkagawana pakati, ndipo pamene anyamata a m'komboni anachita chipolowe chothamangitsa alendo, tinabisala limodzi m'dzenje lokonzera galimoto, iwo atagwira korona, ine nditagwira sipanala.

Zaka za kumeneko ndimazikumbukira ngati maloto a masana. Sindidziwa kuti chinayamba ndi chiti. Ndimaona katundu amene tinkapatsira amathiransipota kuti akatule kwathu, mabulangete, mapoto, kanjinga ka mwana. Ndimaona zithunzi za pafoni, mwana wanga atavala yunifomu, kenako ali wamtali kuposa mayi ake. Malata ndinagula, nyumba inafoleredwa, koma ine sindinabwere. Ndinkati chaka chamawa. A Damiano nawo akazi awo anatopa kudikira, anakwatiwa ndi wina. Tinali matchona, ngakhale kuti dzinalo sitinkalitchula m'chipinda mwathu.

Kuseri kwa galaja, pansi pa mtengo wa mango, panali pikapu yakalekale, ija ya boneti lalitali ndi zitsulo zokhuthala, imene kumeneko amati baki. Nkhuku za alonda zinkaikiramo mazira. Bwana uja anaona kuti a Damiano amakonda kuizungulira nthawi ya nkhomaliro, ndiye anati, "Mukaidzutsa ndi yanu." Anali munthu wabwino mwa njira yake.

Kuidzutsa sikunawavute a Damiano. Inalira pasanathe nthawi. Ine ndinasangalala, m'mutu mwanga ndikuwerengera kale maganyu osamutsa anthu. Koma iwo anaima atapinda manja, akumvetsera, nkhope itakwinyika.

"Mukumva, a Mbewe? Masilinda ndi sikisi, kabureta ndi imodzi, ili pakati. Apakatiwa akukhuta, a kumapetowa akudya makombo. Chitunda cha ku Chongoni singakwere itasenza kachewere."

"Nanga ku Chongoni kwabwera bwanji apa? Tili ku Debeni."

"Tiika atatu," anatero ngati sanandimve. "Iliyonse izidyetsa ana awiri."

Loweruka lililonse masana tinkayenda m'masikirapu, motayira magalimoto akutha, kufunafuna makabureta atatu ofanana. Awiri tinawapeza pa galimoto yaing'ono ya mpikisano imene inapindika ngati chitini. Yachitatu inatizunza miyezi. Titaipeza, a Damiano anaikulunga m'malaya awo ngati khanda. Tinaphwasula onse atatu patebulo lathu lodyera, kuwaviika m'petulo, kutsuka ndi mswachi, kupemerera m'timabowo ndi pakamwa. Chipinda chinkanunkha petulo mpaka tiyi ankamveka petulo. Ndinkadandaula, koma ndinkatsuka.

Chitsulo cholumikiza makabureta ku injini, chimene timati manifodi, cha atatu sichinkapezeka. Anachipanga okha. Anadula mapaipi, kuwapinda, kuwotcherera, kupala m'kati mpaka chala kumatereramo. Choyamba chinapindika ndi moto, chinkalowetsa mpweya m'mbali, anachitaya. Chachiwiri chinagunda boneti. Chachitatu ndicho chili m'galimotomu mpaka lero. Kenako panali kandodo kachitsulo kolumikiza onse atatu, kuti munthu ukaponda moto atseguke nthawi imodzi, wina asatsogole, wina asatsalire. Pamenepo mpamene ndinaona a Damiano akutukwana, munthu wa kwaya, ndipo sindinawaiwalitse.

Gawo limene ndimalilota mpaka pano ndi la kuwayanjanitsa. Chida chake bwana anali nacho, koma a Damiano ankakonda kapaipi ka labala. Mbali imodzi kukhutu, ina pakamwa pa kabureta, injini ikulira pang'onopang'ono. Ankatseka maso. Mango akugwa pa boneti, dzuwa likudutsa m'masamba, iwo ali chiimire kumvetsera mpweya ukulowa.

"Uyu ndi sopurano, akufuula kwambiri. Uyu alito ali bwino. Besi akugona."

Anandipatsa kapaipi kaja. Ndinamva kufwirira, fwiii, kwina kokwera, kwina kotsika. Ndinatseka maso nanenso, ndipo mwadzidzidzi sindinalinso ku Debeni. Ndinali pabwalo kwathu, ng'oma tikuziwamba pamoto, fumbi likunyamuka, amayi akuomba m'manja.

"Si kwaya iyi," ndinatero. "Ndi ng'oma izi. Uyu ndi mbalule, uyu mpanje, uyo gunda. Ndipo gunda wanu sanawambidwe."

"Achikunja inu," anaseka, koma anapotoza sikuluwu ya kabureta ya kumapeto, pang'ono ngati akutsina mchere, mpaka mawu atatu aja anakhala amodzi.

Titaitulutsa pamsewu ndiye zinandinyansa. Ukangoponda moto, phwa! phwa! Inkatsokomola, kudodoma, kuphulitsa moto m'makabureta, agalu kuthawa. Anzathu a m'galaja anaseka mpaka kugwira m'mimba. Bwana anabwera, namasula jeti imodzi, kachitsulo kamkuwa kokhala ndi kabowo kodutsa petulo, nakayang'anitsa padzuwa. Anati majetiwo ngaang'ono, petulo akuchepa, mpweya ukuchuluka. Anapita kukatenga akuluakulu m'kabati yake, kutipatsa ulere.

A Damiano anathokoza ndi manja awiri, koma sanawaike.

Ndinapsa mtima. "Achimwene, mwapenga? Miyezi yonseyi ndakhala ndikumwa tiyi wa petulo kuti timange chinthu chotsokomola?"

"Sindikuimangira kuno."

"Nanga kuti?"

Anakhala pa bampala napukuta manja. Anandiuza mofatsa kuti mpweya wa kunyanja ngwokhuthala, injini ikaukoka imafuna petulo wambiri. Koma kwathu nkumwamba, mpweya wake ngwopepuka, ndipo galimoto yokonzedwera kunyanja ikakwera kumeneko imatsamwa ndi petulo, imatulutsa utsi wakuda, mapulagi amada. "Ine ndayeza mpweya wa pa Kasina m'mawa, a Mbewe. Uja umaluma m'mphuno, wonunkha paini ndi utsi wa zinyalala za kumunda."

"Mwauyeza ndi chiyani? Zaka zonsezi simunapondeko."

Anagwira pachifuwa. "Uli muno."

Ndinawauza kuti zimenezo nzachibwana, ndipo sabata yonse sindinawalankhule. Pikapu inabwerera pansi pa mango. Lamulungu akachoka ku Misa ankakailiza, nkukhala m'kati zitseko zotsegula, maso ali patali. Nthawi zina ndinkalowa nkukhala pambali pawo, wokwiyabe. Ankayamba kuyendetsa ndi pakamwa. "Apa tadutsa boma la Dedza. Onani mapaini. Apa takhota, talowa msewu wafumbi, chenjerani ndi mbuzi. Uyo mayi wanyamula nkhuni ndi mlamu wanu." Galimoto ili pomwepo, matayala atamera udzu, koma ine fumbi lofiira ndinkaliona ndithu.

Chifuwa chawo chinayamba ngati chimfine. A Damiano anapopera penti zaka zambiri, kale asanabwere kwa bwana uyu, kansalu kokha kali kumphuno. Anayamba kupumira m'mwamba akangonyamula batire, kenako akangoyenda kupita kumpopi. Kuchipatala anawajambula nanena kuti mapapo auma, sadzabwereranso mwakale. Ndinali nawo tsiku limenelo. Iwo anafunsa za kupita kwathu, ndipo adokotala atamva kuti kwathuko nkumapiri anapukusa mutu. Anati kunyanja kuno angakhale nthawi yotalikirapo, koma mpweya wa kumtunda udzawachepera.

Potuluka anaima pageti kuti apume. "Mwamva eti? Mpweya umene ndinakonzera galimoto, mwini wakene sundikwananso." Anaseka, kusekako kunasanduka chifuwa. Kenako anandigwira dzanja. "A Mbewe, anzathu angati tawaperekeza ali m'bokosi, pa ngolo kumbuyo kwa thiransipota, pamodzi ndi mafiriji? Ine ayi. Mukanditule kwa mlongo wanga ndikupuma. Ndikufuna ndiimve pikapu ija ikulira kwathu."

Ndinachita mantha, sindibisa. Ndinawachonderera kuti tikwere basi, anakana. Ndinati tiike majeti a bwana aja, anati anawabweza kalekale. Bwana anatithandiza mapepala a galimoto, natipatsa matayala ndi zigubu za madzi, ndipo potsanzikana anatembenukira kukhoma. Tinanyamuka m'nyengo yotentha, mvula isanayambe, a Damiano atatsamira pilo pakhomo, zenera lotsegula.

Potuluka m'Debeni inaphulika phwa! phwa! ngati ukwati. Titakwera kumtunda kwa Joni inafatsa, ndipo ndinawayang'ana. "Pano ikungoyeserera," anatero. "Mpweya wa kuno ngwa migodi." M'Zimbabwe inayenda bwino ndithu. Ndimakumbukira miyala ikuluikulu yosanjikizana, amayi ogulitsa tomato, ndi a Damiano akugona kukamwa kuli yasa, ine kumangowasuzumira pachifuwa kuti ndione ngati malaya akugwedezeka.

Ku Tete ndiko kunali moto. Msewu unatsika, milambe inayamba, mphepo yolowa pazenera inali ngati ya m'ng'anjo. Injini inayambiranso kutsokomola, muvi wa kutentha unakwera, ndipo titawoloka mlatho wa Zambezi ladiyeta inawira. Ndinaima pansi pa mlambe. A Damiano milomo inali itauma, maso atalowa, akupuma ngati nkhuku yothamangitsidwa. Ndinawathira madzi kumutu, ena ndinathira m'galimoto itazizira.

"Tibwerere m'tauni, pali chipatala," ndinatero. Ndinkalira, munthu wamkulu. "Mundifera m'manja muno m'dziko la eni. Ndikanena chiyani kwa mlongo wanu?"

Analoza ndi chala pafupi ndi chiwongolero. Panali tchoki, kabatani kokoka kaja kamene timadzutsira injini kukazizira, kamene kamatsekako mpweya kuti petulo achuluke.

"Kokani theka," ananong'ona. "Muinamize. Tikamakwera muzibweza pang'onopang'ono."

Ndinakoka. Kutsokomola kunachepa. Tinayenda ngati nkhono, dzanja limodzi pachiwongolero, lina pa tchoki. Titakhotera msewu wa ku Angoniya, milambe inayamba kutsalira. Chitunda chilichonse ndinkabweza kabatani kaja pang'ono. Mitengo inasintha, kunabwera masuku. Mphepo inayamba kuzizira pachigongono. Cha ku Ulongwe tinapeza kutagwa chizimalupsa, nthaka ikununkha, madimba a kachewere ali biriwiri m'madambo, amayi atafunda zitenje m'mapewa. Anthu m'mbali mwa msewu ankalankhula chinenero chathu.

Pachipata cha dziko sanatichedwetse, ataona mmene analili munthuyo. Titangodutsa, phiri la Dedza linali apo, mtambo utakhala pamutu pake. A Damiano anatsegula maso.

"Bwezani yonse."

Ndinakankha tchoki mpaka kumapeto, ndinaponda moto pachitunda, ndikudikira phwa uja. Sanabwere. Galimoto inangonyamuka ngati yatula katundu. Kulira kwake kunali kumodzi, kosalala, kozama, kochokera pansi, ndipo ndinakumva m'mipando, m'chiwongolero, m'mano momwe. Mbalule, mpanje ndi gunda, zonse zitawambidwa bwino.

"Mwamva?" anatero a Damiano. Ankavutika kukoka mpweya kuposa ku Tete komwe, koma nkhope yawo inali ya mnyamata. "Kwaya imeneyo, achikunja inu."

Sindinatsutse.

Ku Kasina tinafika dzuwa likupendeka. Mlongo wawo, a Nangozo, anali pakhonde akusankha nyemba. Anatiyang'ana ngati ogula mbewu, natifunsa amene tikufuna. A Damiano anawaitana dzina la paubwana. Lichero linagwa, nyemba mbwee, ndipo mayiwo anangokhala pansi m'fumbi nkuyamba kulira. Ndinafuna kuzimitsa injini kuti anthu amvane.

"Isiyeni," anatero a Damiano. Anawakhazika pampando pakhonde, ndipo anamvetsera mpaka anakhutira.

Kwathu ku Chongoni ndinapita m'mawa mwake. Nyumba ya malata ndinaiona koyamba, malatawo atayamba kale dzimbiri. Mtsikana wamkulu anatuluka, nandiyalira mphasa, nagwada patali. "Mwayenda bwanji, bambo? Amayi apita kudimba. Ndiwauze kuti kwabwera ndani?" Nabanda atabwera anatula khasu, nandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka ku imvi. "Mwabwera kudzationa," anatero. Sanafunse, anangonena. Ndipo sanalakwe, chifukwa m'thumba mwanga munali makiyi a kachipinda ka ku Debeni, ndipo bwana anati malo anga andisungira. Pakhomo panga pomwe ndinkayenda ngati mlendo, osadziwa pamene pamakhala chikho.

Ndinkapita ku Kasina pafupipafupi. Ndinkaimika pikapu pafupi ndi khonde nkuisiya ikulira, iwo atafunda bulangete, akumenya nthawi ndi chala pabondo. Tsiku lina ndinawauza kuti mvula ikakhazikika ndibwerera.

"Pitani," anatero. "Galimoto ndi yanu, ndakupatsani. Koma kumunsi ikakuchititsani manyazi njira yonse, ndipo palibe angaigule." Anapuma nthawi yaitali. "Ine ndinachedwa, a Mbewe. Ndapeza mlongo yekha. Inu mwapeza munthu akadakusungirani mbale."

Anamwalira chimanga chitafika m'mawondo. Bokosi lawo tinalinyamula pa pikapu yomweyo kuchokera kwa a Nangozo kupita kutchalitchi. A kwaya anakwera kumbuyo, ena oti anawaphunzitsa iwo ali ana, tsopano a imvi. Kunali nkhungu. Ndinayendetsa pang'onopang'ono, iwo akuimba pamwamba, injini ikuyankha pansi, ndipo ine wa kudambwe ndinalowa m'tchalitchi nkukhala kutsogolo.

Pobwerera kumanda Nabanda anakhala m'pikapu, pampando uja wa a Damiano. Tinayenda mpaka phiri la Chongoni litaonekera. Kenako, maso ali kuzenera, anafunsa.

"Ndiye mubwerera liti?"

Ndinayang'ana kabatani ka tchoki, kali kobwezedwa mpaka kumapeto.

"Galimotoyi siyenda bwino kumunsi," ndinatero.

Anakonza chitenje paphewa, napukuta galasi ndi chikhatho pamene panachita nthunzi.

"Ndiye izikhala," anatero. "Mawa kuli kupalira."